Safiro Wopangidwa ndi Anthu: Phunziro la Kulimba kwa Zinthu

Galasi limalola kuwala kudutsa, koma silichedwa kukandika. Miyala yolimba sikandika msanga, koma yambiri imatchinga kuwala. Opanga zipangizo zoonera amafuna chinthu choonekera ngati galasi koma chosakandika, ndipo safiro ndi chimodzi mwa zinthu zoterozo. M'nkhani ino tiona zimene ife aphunzitsi tiyenera kudziwa za mwalawu, ndiponso njira yophunzitsira phunziroli m'sukulu zathu za m'boma la Chiradzulu.

Safiro nchiyani?

Safiro ndi rubi ndi mwala umodzi wotchedwa corundum, umene muli aluminiyamu ndi okosijeni. Ukakhala wosasakanizika ndi kanthu umaoneka mbee ngati madzi. Chromium pang'ono amaufiiritsa, ndipo pamenepo timautcha rubi. Chitsulo ndi titanium zimaupatsa mtundu wa buluu. Kuno ku Malawi miyalayi imapezeka pa phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, pamene inadziwika m'chaka cha 1958. Tisamale potchula dzinali, pakuti ana angalisokoneze ndi phiri lathu la Chiradzulu.

Safiro wokumba pansi amakhala wamng'ono ndiponso amakonda kukhala ndi ming'alu ndi timadontho m'kati, kotero sayenera pa ntchito ya zoonera. M'chaka cha 1902 Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yopangira mwalawu. Ufa wa aluminium oxide umathiridwa pang'onopang'ono m'lawi la moto wotentha kuposa madigiri 2,000. Ufawo umasungunuka, nugwa m'timadontho timene timaundana mpaka kukhala mwala. Mwala umenewu si wonamizira ayi: zimene zili m'kati mwake nzofanana ndi za wokumba pansi.

Chifukwa chake amafunika

M'chaka cha 1812 Friedrich Mohs anandandalika miyala kuyambira 1 mpaka 10, potsata umene ukanda unzake. Pa muyeso wakewo chikhadabo chili pa 2.5, galasi pafupifupi 5.5, nsangalabwi yoyera pa 7, safiro pa 9, ndipo dayamondi pa 10. Mchenga ndi fumbi la m'misewu yathu zimakhala ndi tizidutswa ta mwala wofanana ndi nsangalabwi. Nchifukwa chake munthu akapukuta galasi la wotchi ndi malaya afumbi m'mwezi wa Okutobala amalikanda yekha. Fumbi lomwelo silingakande safiro.

Kuwonjezera apo, safiro amapirira kutentha kwakukulu, ndipo amalola kudutsa ngakhale kuwala kwa ultraviolet ndi infrared kumene maso athu sakuona. Motero amaikidwa pa nkhope ya mawotchi okwera mtengo, pa diso la kamera ya mafoni ena, ndi pa zenera la makina owerenga mitengo ya katundu m'masitolo akuluakulu. Laser yoyamba, imene Theodore Maiman anaipanga m'chaka cha 1960, inagwiritsa ntchito rubi wopangidwa ndi anthu. Mababu ambiri a LED amene timaunikira usiku ali ndi kachidutswa ka safiro m'kati mwake.

Kaphunzitsidwe kake

Sitidzakhala ndi safiro m'kalasi, koma mfundo yake tingaionetse ndi zinthu za pamudzi: choko, waya wa kopa, msomali, botolo lathunthu, nsangalabwi, nyundo ndi chiguduli.

1. Tigawe ana m'magulu. Gulu lililonse likande chinthu china ndi chinzake, kenaka lipukute ndi chala kuti lione ngati mzerewo ndi wokhalitsa.
2. Ana andandalike zinthuzo kuyambira chofewa mpaka cholimba. Tisawauziretu yankho.
3. Tiwafunse kuti: "Ndi ziti mwa izi zimene zikulola kuwala kudutsa?" Adzapeza kuti botolo ndilo loonekera bwino, koma nsangalabwi yalikanda.
4. Tsono tilembe safiro pa bolodi pamwamba pa nsangalabwi, ndipo ana anene okha chifukwa chake wopanga wotchi angamusankhe.

Chenjezo pa liwu lakuti "kulimba"

M'Chichewa liwu limeneli limatanthauza zinthu ziwiri: kusakandika ndi kusasweka. Tikangonena kuti safiro ngwolimba, mwana adzalemba kuti sasweka, zimene si zoona. Wotchi yotere ikagwera pa simenti ingathe kung'aluka. Kuti kusiyanaku kuoneke, mphunzitsi yekha akulunge nsangalabwi m'chiguduli naimenye ndi nyundo, ana ali chapatali. Idzasweka. Akamenya waya wa kopa, udzangophwatalala.

Potsiriza tipereke funso ili kuti ana alembe m'makope mwawo: "Nsangalabwi yakanda kopa, koma nyundo yaphwanya nsangalabwi osati kopa. Cholimba nchiti?" Mwana amene ayankhe kuti tiyambe tanena kulimba kwake nkotani, ameneyo wamva phunziro lathu.