Phunziro 18: Kuyendetsa Alendo Ulendo wa Tsiku Limodzi

Werengani nkhaniyi mofatsa. Mukamaliza, kambiranani ndi anzanu, kenaka muyankhe mafunso amene ali kumapeto.

ALENDO AMANGODUTSA

Tsiku lililonse magalimoto amadutsa pa Mandimba. Ena amachokera ku Malawi kudzera pa chipata cha Chiponde. Ena amachokera ku Lichinga kupita ku Cuamba ndi ku Nampula. M'magalimotomo mumakhala alendo. Amaima pang'ono, amagula madzi ndi nthochi, nkumapita.

Alendowa sadziwa zimene zili m'midzi mwathu. Sadziwa mbiri ya malo athu. Salawa ndiwo zathu. Ndalama zawo amakadyera kwina.

Palinso vuto lina. Agogo athu amene anaona zakale akutha mmodzimmodzi. Nkhalamba ikamwalira isanafotokoze zimene ikudziwa, mbiriyo imalowa nayo m'manda. Kodi tingachite chiyani kuti alendo aime, ndiponso kuti mbiri yathu isatayike?

MMENE AMACHITIRA KU SOUTH AFRICA

Ambiri a ife tili ndi abale amene anapita kukagwira ntchito ku South Africa. Kumeneko, pafupi ndi mzinda wa Cape Town, kuli dera la mapiri kumene amalima mphesa. Mphesa ndi zipatso zimene amapangira vinyo. Vinyo woyamba anapangidwa kumeneko m'chaka cha 1659. Tauni ya Stellenbosch inayamba m'chaka cha 1679, ndipo nyumba zina zakale zikadalipo mpaka lero.

M'chaka cha 1971 alimi a mphesa a ku Stellenbosch anagwirizana. Anati: tisamangotumiza vinyo kumsika, koma ogula azibwera okha kuminda kwathu. Anakonza njira yoti alendo azitsata kuchoka pa munda wina kupita pa munda wina.

Lero mlendo amanyamuka ku Cape Town m'mawa pamodzi ndi munthu womutsogolera. Amaona minda, amalawa vinyo, amadya chakudya chamasana, amayenda m'tauni yakale, ndipo madzulo amabwerera. Pa ulendo umodzi womwewo amapindula anthu ambiri: mlimi, woyendetsa galimoto, wophika ndi wotsogolera.

Wotsogolera wabwino sabisa zoipa. Minda yakale ya mphesa ija inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ena mwa akapolowo anawatenga ku Mozambique kuno. Ukapolo utatha, antchito ambiri ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo, ndipo mabanja ambiri anaonongeka ndi uchidakwa. Iyinso ndi mbiri, ndipo iyenera kunenedwa.

KWATHU KULIBE MINDA YA MPHESA

Bwanji ife sitilima mphesa za vinyo? Chifukwa chake ndi mvula. Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo mphesa zimapsa nthawi yotentha kuli gwa. Kwathu kuno mvula imagwa nthawi yotentha, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chinyezi choterechi chimadwalitsa mphesa ndi kuziwoletsa.

Vinyo amene agogo athu ankamuona m'masitolo a atsamunda ankachokera ku Portugal. Boma la atsamunda linkaletsa anthu kutcheza zakumwa zawo, makamaka kumwera kwa dziko lino, pofuna kuti vinyo wa kwawo agulidwe.

Tsono tisatengere zonse za eni ake. Titenge nzeru yake yokha. Nzeruyo ndi iyi: mlendo amafuna zinthu zitatu. Amafuna kuona kumene mbewu zimalimidwa, kudya chakudya cha eni dziko, ndi kumva mbiri ya malo. Zitatu zonsezi tili nazo. Tili ndi minda ya fodya, thonje, nyemba ndi nandolo. Kupitirira Cuamba, ku Gurué m'chigawo cha Zambézia, kuli minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Namuli. Tili ndi thobwa, limene aliyense angathe kumwa, Msilamu ndi Mkhristu yemwe.

ULENDO WOYAMBA: MANDIMBA KUPITA KU MASSANGULO

Massangulo ndiye likulu la boma la Ngauma. Ali pa msewu wa N13, pafupifupi makilomita 60 kuchokera pa Mandimba. Msewuwo tsopano ndi wa phula.

Nyamukani ndi alendo 7 koloko m'mawa. Panjira imani pa munda wa mlimi amene munagwirizana naye kale. Mlimiyo aonetse alendo mmene amafesera fodya pa nazale, mmene amaokera, ndi mmene amamuumitsira m'chigafa. Aonetsenso nkhokwe ya chimanga ndi mtondo.

Mukafika ku Massangulo, pitani ku mishoni. Ansembe a chipani cha Consolata ochokera ku Italy anafika ku Mandimba m'chaka cha 1926. M'chaka cha 1928 Bambo Pietro Calandri anakhazikitsa mishoni ya Massangulo. Imeneyi ndiyo mishoni yoyamba ya Akatolika m'chigawo cha Niassa. Panali sukulu ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja monga ukalipentala. Ufulu utabwera m'chaka cha 1975, boma linatenga sukulu za mishoni m'dziko lonse.

Fotokozaninso kuti anthu ambiri a kuderali ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Makolo awo ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere kalekale, azungu asanafike kuno. Mzikiti ndi tchalitchi zonse ndi mbiri ya malo amodzi. Koma musalowetse mlendo mumzikiti kapena m'tchalitchi osapempha kwa eni ake.

Masana alendo adye m'mudzi. Akatha kudya akhale pansi ndi agogo, amve nkhani zakale. Pofika 4 koloko mukhale mutabwerera ku Mandimba.

ULENDO WACHIWIRI: TAUNI YA CUAMBA

Cuamba ali pafupifupi makilomita 150 kuchokera pa Mandimba, choncho muyenera kulawira m'mamawa. Mukamayandikira mudzaona mapiri a Mitucué.

Nthawi ya atsamunda tauniyi ankaitcha Nova Freixo, potengera dzina la tauni ina ya ku Portugal. Lichinga ankamutcha Vila Cabral. Ufulu utabwera, maina a eni dziko anabwerera.

Yambirani pa siteshoni ya sitima, chifukwa njanji ndiyo inakulitsa Cuamba. Pano ndi pa mphambano. Njanji ina imapita kum'mawa, ku Nampula ndi ku doko la Nacala. Ina imapita kumpoto, ndipo inafika ku Vila Cabral m'chaka cha 1969. Ina imapita kumadzulo, kudzera pa Entre Lagos kukalowa m'Malawi pa Nayuchi, ndipo inatsegulidwa m'chaka cha 1970. Nkhondo ya pachiweniweni inaononga njanjizi, ndipo anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi. Nkhondoyo inatha m'chaka cha 1992. Njanji ya ku Lichinga anaikonzanso ndi kuitsegula m'chaka cha 2016.

Kenaka kambani za thonje. Mpaka chaka cha 1929 dziko la Niassa linkalamulidwa ndi kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inkatolera msonkho wa nyumba. Pambuyo pake boma la Portugal linayamba kukakamiza anthu kulima thonje, makamaka kuyambira 1938. Ankagula thonjelo pa mtengo wochepa. Anthu ankasowa nthawi yolima chakudya, ndipo m'midzi yambiri munagwa njala. Lamulo lokakamizali linathetsedwa m'chaka cha 1961. Lero mlimi amalima thonje mwa kufuna kwake.

Malizani ulendo ku msika. Kumeneko alendo aone nyemba za mitundumitundu, nsomba zouma, mbiya, mphasa ndi malichero. Agule kwa mwini wake, pa mtengo womwe amagulira anthu onse.

CHAKUDYA CHA ALENDO

Musavutike kufuna zakudya za kutauni. Mlendo wabwera kudzalawa zathu. Phikani nsima, nyemba, nkhwani wotendera, chigwada, ndi nsomba za ku nyanja ya Amaramba kapena ya Chiuta. Nkhuku yowotcha ndi piripiri alendo amaikonda. Nthawi ya dzinja kuli bowa ndi mango.

Aonetseni mmene thobwa limapangidwira: kuphika phala la ufa wa chimanga, kuliziziritsa, kuthira chimera cha mawere kapena cha mapira, kuliphitsanso, ndi kulisiya kuti ligone.

Kumbukirani malangizo awa:

1. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.
2. Madzi akumwa akhale owiritsa, osungidwa mu mtsuko wovundikira.
3. Chakudya chiperekedwe chikadali chotentha, ndipo chivundikiridwe kuopa ntchentche.
4. Pakhale chimbudzi chaukhondo, ndi madzi osamba m'manja pafupi pake.
5. Funsani msanga ngati pali zimene mlendo sadya. Ngati pali Asilamu, nkhuku izingidwe ndi Msilamu.

Mlendo mmodzi akadwala m'mimba, adzauza anzake khumi, ndipo palibenso amene adzabwere.

NTCHITO YA WOTSOGOLERA ALENDO

Wotsogolera ayenera kudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Amawerenga zikwangwani za pamsewu. Amalemba maina a alendo, nthawi yonyamuka ndi ndalama zimene walandira. Amalemba zimene agogo amanena, kuti mawa asasinthe nkhani.

Wotsogolera amanena zoona. Akafunsidwa chimene sadziwa, amayankha kuti, “Pepani bambo, ndikafunsa kwa akuluakulu.” Sapeka chaka kapena dzina.

Wotsogolera amalemekeza mudzi. Asanabweretse alendo amayamba wakaonekera kwa amfumu ndi ku boma. Sapita ndi alendo kumanda kapena kumalo a chinamwali. Salola mlendo kujambula munthu chithunzi asanapemphe. Amauza alendo kuti asamagawire ana ndalama, chifukwa ana akazolowera kupempha amasiya sukulu.

Wotsogolera amanena mtengo ulendo usanayambe, ndipo sausintha panjira. Amagawa ndalama poyera, onse akuona. Munthu mmodzi akadya yekha, mlimi adzatseka munda wake, amayi adzakana kuphika, ndipo agogo adzakhala chete.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ali nafe tsiku limodzi lokha. Tsiku limenelo timusamale bwino, ndipo tisagulitse ulemu wathu chifukwa cha ndalama.

MAU OFUNIKA

Werengani mokweza, kenaka lembani m'kope mwanu:

mlendo, wotsogolera, mbiri, mphesa, vinyo, thobwa, njanji, mphambano, thonje, mtengo

MAFUNSO

1. Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene mlendo amafuna pa ulendo wa tsiku limodzi?
2. Alimi a ku Stellenbosch anagwirizana zotani m'chaka cha 1971?
3. Bwanji mphesa za vinyo sizichita bwino kwathu kuno?
4. Mishoni ya Massangulo inakhazikitsidwa chaka chiti?
5. Dzina la Cuamba nthawi ya atsamunda linali chiyani?
6. Kodi kulima thonje mokakamizidwa kunabweretsa bwanji njala?
7. Tchulani malo awiri kumene wotsogolera sayenera kupita ndi alendo.

MASAMU

Tiyerekeze kuti mwalandira alendo 6. Aliyense walipira 800 meticais.

1. Ndalama zonse ndi zingati?
2. Galimoto mwalipira 2,400 meticais. Chakudya ndi 150 meticais munthu mmodzi. Wotsogolera walandira 600 meticais. Ku thumba la mudzi mwapereka 300 meticais. Mwaononga zingati pamodzi?
3. Zatsala zingati? Zotsalazo muzigawe mofanana kwa mlimi ndi agogo awiri amene anafotokoza mbiri. Aliyense alandira zingati?
4. Nkhondo inatha m'chaka cha 1992. Njanji ya ku Lichinga inatsegulidwanso m'chaka cha 2016. Panapita zaka zingati?

ZOKAMBIRANA

Ena amati alendo amaononga makhalidwe a m'mudzi. Ena amati alendo amabweretsa phindu. Inu mukuti bwanji? Ndi malamulo otani amene mudzi wanu ungaike alendo asanabwere?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Pitani kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu. Mupatseni moni mwaulemu, ndipo mumufunse kuti, “Agogo, kodi mudzi uno unayamba bwanji? Anthu ake anachokera kuti?” Lembani mizere isanu ya zimene akuuzeni. Mukamaliza muwawerengere, kuti akonze pamene mwalakwitsa. Mubwere nalo kope lanu tsiku la phunziro lotsatira.