Pakhonde pa Azakhali: Google yanditaya ngati chitenje chakutha

Azakhali,

Ndine mnyamata wa pa boma pa Phalombe, ndimaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister. Chaka chatha ndinagulitsa nandolo wanga yense n'kulipira mnyamata wina wa ku Blantyre kuti andipangire webusaiti ndi kundichitira zimene amati SEO. Zinayenda ndithu. Munthu akafufuza pa Google za kukwera phiri, dzina langa linkatuluka patsamba loyamba, foni osapuma. Koma mwezi wathawu ndapezeka patsamba lachisanu, foni yangoti zii, mnyamata ujanso sakuyankha. Ndikukayikira anzanga a ku Likhubula kuti andiyendera pansi. Kodi ndiwoloke malire ndikatsirike?

Wokhumudwa, Phalombe


Mwanawe Wokhumudwa,

Ndaseka mpaka duku kugwa. Iwe, sing'anga wa kuseri kwa Chiringa akatsirike makompyuta a kampani ya ku California? Nsupa yakeyo ili ndi netiweki? Ndalama ya kabazayo gulira sopo, ndipo ana a ku Likhubula uwasiye, alibe mlandu.

Khala pansi ndikuuze. Google inabadwa mu 1998, chaka chomwe Phalombe anachoka m'manja mwa Mulanje n'kukhala boma palokha. Google ndi namwali wa msinkhu wako, ndipo mtima wake susiyana ndi wa atsikana amene umawaimika panjira: lero akusekerera, mawa akudutsa ngati sakudziwa.

Unapitako pa msika wa Migowi tsiku la msika? Amene wayala tomato pachipata amatha malonda dzuwa lisanafike pamutu. Amene wayala kuseri, pafupi ndi zimbudzi, amabwerera nazo kunyumba. Google ndiye mkulu wa msikawo, ndipo kangapo pachaka amasuntha mabenchi osaitanitsa msonkhano. SEO si mankhwala ayi, ndi kukonza benchi yako kuti mkuluyo aone kuti ikuyenera kukhala kutsogolo. Patsamba lachisanu pamene uli iwepo ndi kuseri kwa zimbudzi kuja, safikako munthu.

Ndinatuma mdzukulu wanga kuti atsegule webusaiti yakoyo. Mayo ine! Isanatseguke ndinathira ufa m'madzi, phala n'kuyamba kubwata. Itatseguka, dzina loti Mulanje likungobwerezedwa mzere uliwonse ngati achule a kudambo la Chilwa. Nkhani zake ndi zokopera kwa eni ake. Chithunzi chapamwamba ndi phiri la chipale chofewa. Mwanawe, pa phiri la Michesi chipale unachiona liti? Mdzukuluyo atafufuza anapezanso kuti masamba amene amaloza kwa iwe ndi a juga ndi a mankhwala okulitsa zimene sindingatchule pano. Malinki ogula amenewo! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Machenjera amenewa ndi akale kuposa ndevu zako. Mu 2011 Google inabweretsa kusintha kotchedwa Panda, masamba okopera ndi opanda nyama anagwa chagada. Mu 2012 kunabwera Penguin, yosaka ogula malinki. Mu 2015 anayamba kukondera masamba owerengeka bwino pafoni, ndipo mu 2022 ananenetsa kuti akufuna nkhani zolembera anthu, osati zokopa makina. Katswiri wako uja anakugulitsa msampha womwe mbewa zinauzindikira kalekale. Unagwira miyezi ingapo chifukwa mwini munda anali asanadutseko.

Tsono tamvera, usadzati Azakhali amangoseka.

Chotsa zonse zokopera, ulembe zimene ukudziwa iwe wekha. Mlendo ali ku Lilongwe kapena ku London akufuna kudziwa kuti kuchoka ku Fort Lister kukafika ku kanyumba ka Sombani ndi maola angati, madzi akumwa apezeka pati, miyezi ya mvula njira imaterera motani, wonyamula katundu amalipidwa zingati, ndipo kuchokera ku Blantyre akwere chiyani. Umuuze kuti linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, ndi kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Zimenezi mnyamata wa ku Blantyre sangazilembe, miyendo yake sinalaweko chitunda.

Zithunzi ujambule wekha, ngakhale nkhope yakoyo ionekemo, tipirira. Uzichepetse kuti tsamba lizitseguka msanga, bandulo ya anthu si ya masewera.

Ulembetse ntchito yako pa Google Maps, n'zaulere. Mlendo aliyense wotsika phiri akusekerera, umupemphe alembepo ndemanga asanavule nsapato. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Koma usalembetse asuweni ako onse kuti ayamikire ulendo umene sanayende, akakugwira udzalira kuposa apa.

Ndipo usayembekeze kubwerera kutsogolo Loweruka likudzali. Zimatenga miyezi, nthawi zina mpaka mkulu wa msika adzasunthenso mabenchi. Aliyense wokulonjeza nambala wani pa Google ndi m'bale wake wa uja wathawa ndi nandolo wako.

Chachikulu ndi ichi. Kuyambira 2024 Google yayamba kuyankha yokha mafunso pamwamba pa tsamba, moti ena amawerenga pomwepo n'kutseka foni osalowa pa webusaiti ya munthu. Iwe wa ku Phalombe ukudziwa zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023: mlatho ukakokoloka, wodziwa njira imodzi amagona kutsidya. Sunga manambala a alendo ako pa WhatsApp, uziwapatsa moni pa Khirisimasi. Cheza ndi eni malo ogona alendo ku Mulanje ndi ku Zomba. Ana a ku Likhubula omwe ukuwanamizira ufitiwo ugwirizane nawo, azikuponyera alendo ofuna kutsikira mbali yakwanu. Mlendo amene unamunyamulira chikwama mwendo utatupa sadzakufufuza pa Google, adzakuimbira.

Nandolo wa chaka chino usagulitsenso chifukwa cha namwali wa ku California. Unditumizire ndowa imodzi, malangizo anga si aulere ngati Google Maps.

Ndine,
Azakhali ako