Mabuku Osunga Mbiri ya Masitampa

Sitampa ndi kapepala kakang'ono komata pa envelopu, kosonyeza kuti mwini kalata walipira kale ku positi ofesi. Yoyamba inatuluka ku Britain mu 1840. Inali yakuda, ya peni imodzi, ndipo panali nkhope ya Mfumukazi Victoria. Posakhalitsa anthu ena anayamba kusunga masitampa, ndipo lero alipo ena amene mtengo wake umaposa wa nyumba. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti sitampa imene wagwira ndi yeniyeni, osati yachinyengo? Amafunsa mabuku.

Buku loyamba ndi katalogi, lomwe ndi kaundula wa masitampa amene mayiko anatulutsa. Kampani ya Stanley Gibbons ku England inayamba kusindikiza mndandanda wake mu 1865. Ku America amadalira katalogi ya Scott, ku Germany ya Michel.

Kuwerenga kwake sikovuta. Mumatsegula pa dzina la dziko, kenaka mumafufuza chaka. Sitampa iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Bukulo limatchula mtundu wa inki, limatchulanso mano, aja ali m'mbali mwa sitampa pamene timang'ambira. Amawerenga mano amene akwana pa masentimita 2. Mukaona palembedwa 14, ndiye kuti mano ndi 14. Palinso chizindikiro chobisika m'kati mwa pepala, chimene chimaoneka mukaloza sitampayo kumene kukuchokera kuwala. Masitampa awiri akhoza kufanana nkhope ndendende koma n'kusiyana mano kapena chizindikirocho, mtengo n'kusiyananso kwambiri. Kumapeto kwa mzere kumakhala mitengo iwiri: wa sitampa yosagwiritsidwa ntchito ndi wa sitampa yodindidwa.

Dziko lathu lilimo m'mabuku amenewa, koma ndi mayina angapo. Mu 1891 boma la atsamunda linatenga masitampa a British South Africa Company n'kudindapo zilembo zitatu, B.C.A., kutanthauza British Central Africa. Mu 1908 kunabwera olembedwa Nyasaland Protectorate. Mu 1954 kunabwera a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo dzina la Malawi linayamba kuoneka mu 1964. Zilembo zitatu zija n'zosavuta kupeka. Munthu wakuba akhoza kudinda zake, n'chifukwa chake wogula wochenjera amayerekeza kaye ndi chithunzi cha m'buku.

Buku lachiwiri silikamba za masitampa onse ayi. Limakamba za chuma cha munthu mmodzi: anali ndi masitampa ati, anawapeza kuti, ndipo ankaoneka bwanji. Ine ndimaona kuti ili ndiye buku lofunika koposa, chifukwa munthu amamwalira ndipo katundu amamwazika.

Taonani zimene zinachitikira Philipp von Ferrary, amene ankakhala ku Paris. Palibe amene anali ndi masitampa osowa ochuluka ngati iye. Anamwalira mu 1917 atalemba kuti chuma chakecho chipite ku nyumba yosungira zakale ya ku Berlin. Koma inali nthawi ya nkhondo, ndipo boma la France linalanda zonse n'kuzigulitsa pa okushoni kuyambira mu 1921. Masitampawo anabalalika padziko lonse. Chimene chinatsala pamodzi ndi mabuku a okushoniyo, okhala ndi zithunzi ndi malongosoledwe. Mpaka lero wogulitsa akanena kuti sitampa yake inali ya Ferrary, anthu amatsegula mabukuwo kuti aone ngati akunena zoona. Masitampa a wosunga wina, Thomas Tapling, anali ndi mwayi: iye atamwalira mu 1891 anasiyidwa m'manja mwa dziko, ndipo akusungidwa ku British Library.

Mwa masitampa a Ferrary munali kamodzi kosaoneka bwino n'komwe. Ndi kofiirira, kothimbirira, kodulidwa m'makona, ndipo chithunzi cha sitima yapamadzi chimachita kuvuta kuona. Kanasindikizidwa mu 1856 ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana. Masitampa ochokera ku England atapereŵera, mkulu wa positi anapempha osindikiza nyuzipepala kuti apange ongoyembekezera. Poopa chinyengo, akalaliki ankasainapo zilembo za mayina awo, ndipo pa kameneka pali E.D.W. Mu 1873 mnyamata wa zaka 12 anakapeza m'mapepala akale a m'banja mwawo n'kukagulitsa masheleni 6. Mu 2014 kanagulidwa pafupifupi madola 9.5 miliyoni. Ka mtundu umenewu kodziwika ndi komweka basi.

Munthu sangataye ndalama zotere pa kapepala kosadziwika kwawo. Amalipira chifukwa ulendo wake wonse unalembedwa, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, monga mmene mfumu imadziwira amene analimapo munda kuyambira kale. Eni ake ena anasiyanso zizindikiro zawo kumbuyo kwake. Amene anagula mu 2014, Stuart Weitzman, ndi wopanga nsapato, ndipo anajambulapo nsapato ya gogoda.

Koma musafulumire kuganiza kuti sitampa iliyonse yakale ndi chuma. Ambiri anasindikizidwa ochuluka zedi ndipo mtengo wake ndi wochepa. Mtengo wa m'katalogi ndi wa sitampa yabwinobwino, yosang'ambika, ya mano athunthu, ndipo wogula kawirikawiri amapereka zocheperapo. Mukapeza kalata yakale m'sutikesi, musamatule sitampa. Chidindo cha positi ofesi chimanena malo ndi tsiku, ndipo nthawi zina envelopu yathunthu imaposa sitampa payokha.

Ngati muli ndi envelopu yakale, itengeni pamodzi ndi rula. Muwerenge dzina la dziko, mtengo ndi tsiku la pachidindo, muwerenge mano pa masentimita 2, kenaka mulembe zimenezi m'kope lanu.