Malangizo: Kuika Makamera a Chitetezo Koyamba

Lero tikambe za makamera a chitetezo oyendera netiweki.

Poyamba musagule ambiri. Awiri akwana, ina pageti, ina kukhomo la kuseri. Sankhani a PoE, chifukwa chingwe chimodzi chimanyamula magetsi kupita ku kamera ndi zithunzi mpaka ku bokosi losungira lotchedwa NVR. Chingwecho chisapitirire mamita 100.

Kamera ikhale poti dzanja silingafike, koma mukaikweza kwambiri muzingoona zipewa, nkhope ayi. Isayang'anizanenso ndi dzuwa.

Apa tcherani khutu: mukangolumikiza, sinthani pasiwedi ya kufakitale. Ija ya "admin" ngakhale akuba amaidziwa.

Magetsi akathima kamera nayo imagona, choncho gulaninso chipangizo chosunga magetsi chotchedwa UPS. Mukamaliza kuika makamerawo, madzulo kaimeni pageti muone ngati nkhope yanu ikuoneka bwino.