Shuga wanga samva: kodi kachipangizo ka pamkono kandithandiza?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38, ndimagulitsa kaunjika. Shuga adandipeza naye ndili mtsikana, ndipo ndimadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Koma shuga wanga samva. Ndikayeza m'mawa ndimapeza 270, mwina 300, pomwe mwezi watha amuna anga adandipeza pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, osayankhula. Kuchipatala amangoti ndikudya mosadziletsa, chonsecho tiyi ndimamwa wopanda shuga. Achimwene a ku Joni anditumizira tizipangizo tiwiri ta FreeStyle Libre, koma anena kuti sangathe kutumiza mwezi ndi mwezi. Ndivale, kapena ndigulitse ndigulire timapepala toyezera?

Wothedwa nzeru, Zomba

Mwana wanga,

Usagulitse. Valako, ndipo uyambe sabata ino.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yako ndi usiku uja, kuposa 300 wa m'mawa. Kubaya chala kumakuuza za mphindi imeneyo basi. Zochitika pakati pa 10 koloko usiku ndi tambala woyamba palibe akuzidziwa, ngakhale amene akukunena kuti ndiwe wosusukawo. Shuga wokwera m'mawa ali ndi zifukwa zingapo. Mwina insulini ya madzulo ikuchepa, kapena ikutha mphamvu kusanache. Mwina ndi thupi lokha, poti m'bandakucha limatulutsa mahomoni okweza shuga. Mwinanso nsima ya usiku ikudyedwa mochedwa. Kwa iwe amene udakomokapo, kungowonjezera insulini ya madzulo mongoganizira n'kuika moyo pachiswe.

Kachipangizoko kamamatidwa kuseri kwa mkono, cha kumtunda, ndipo kamakhala masiku 14. Kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu, kamene kamayeza shuga usana ndi usiku. Kusamba umasamba nako. Tiwiri ndiye masiku 28, ndipo amenewo ndi okwanira kuonetsa khalidwe la shuga wako. Uzikhudzitsa foni kapena kamakina kake kowerengera maola 8 asanathe, chifukwa mitundu ina ya Libre imasunga za maola 8 okha. Pogona ndi podzuka usaiwale.

Manambala asakudzidzimutse. Ka ku South Africa kamaonetsa mmol/L, pomwe kamakina kako koyezera magazi a pachala kakuoneka kuti n'ka mg/dL. Uchulukitse ndi 18: ukaona 10, ndiye 180. Akatswiri amafuna kuti shuga azikhala pakati pa 3.9 ndi 10 kwa nthawi yoposa 70 peresenti ya tsiku. Usayembekeze kufikapo mwezi uno.

Masiku amenewa ukhale monga umakhalira. Anthu ambiri akavala kachipangizoka amasanduka oyera mtima, nsima amachepetsa, mandasi osawayang'ana, kenaka dokotala amaona chithunzi cha munthu wina. Iwe idya zomwe umadya, koma uzilemba m'kope: nthawi yobaya ndi mlingo wake, chimene wadya, mitanda ingati, ya ufa woyera kapena mgaiwa, tsiku lokapikula bele ndi kuyenda mtunda, tsiku lomwe makasitomala adakuchedwetsa nkhomaliro. Kuyenda kwambiri masana kumatha kugwetsa shuga usiku wake. Kopelo pamodzi ndi mizere ya pafoniyo upite nazo kukiliniki ya shuga, ndipo upemphe kuonana ndi dokotala. Kusintha mlingo kapena mtundu wa insulini ndi ntchito yake, osati yako kapena yanga.

Msampha waukulu ndi uwu: ukaona muvi wa shuga pafoni waloza m'mwamba ukatha kudya, dzanja lidzayabwa kuti ubayenso. Usatero. Insulini yoyamba ija ikadali m'thupi, ndipo ukasanjikiza ina udzagwa.

Kamakina kakale kaja usakataye. Kachipangizoka sikayeza magazi enieni koma madzi a pansi pa khungu, choncho kamatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo shuga akamathamanga. Ukagonera mkono womwe kali, kangathe kunama kuti shuga watsika. Nambala ikasemphana ndi momwe ukumvera, baya chala. Shuga akatsika pansi pa 3.9, sungunula masupuni atatu a tiyi odzaza shuga m'madzi, imwa, uyezenso pakatha mphindi 15, kenaka udye chakudya.

Amuna ako awerenge nawo yankholi. Akakupezanso wosayankhula asakumwetse kanthu, ungatsamwe. Akugoneke chammbali, athamangire nawe kuchipatala.

Kenanso: insulini ukuisunga pati? Ikapsa ndi dzuwa pamsika imafooka, ndipo kubaya malo amodzimodzi kumapanga zotupa zomwe sizilola mankhwala kulowa bwino. Dokotala akaone pamimba ndi pantchafu pako. Tizipangizoto tikatha, iyeyo akuuza maola oyenera kuyeza, kuti timapepala tochepa tomwe ungagule tizipita pomwe pali vuto. Achimwene akadzafunsanso chomwe ukusowa, uwauze kuti kamodzi pa miyezi ingapo n'kothandizabe, makamaka mlingo ukangosinthidwa.

Azakhali