Mitengo Yanu Iwerengeni mu Okutobala

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, Malawi amakhala m'nyengo yobzala mitengo. Amfumu amamema anthu, ana asukulu amasenza mbande, mlembi wa kalabu nkulemba kuti tabzala 500. Mukadzafika pamalo omwewo mu Okutobala, kawirikawiri mumapeza maenje ndi tizitsotso touma. Palibe amene ananama, 500 ija inabzalidwadi. Chinalakwika ndi tsiku lowerengera. Boma linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo lonjezo lotere limakwaniritsidwa ndi mitengo yokhayo imene yapulumuka chilimwe.

Banja, kalabu ya alimi, gulu la kumpingo kapena la banki m'khonde likhoza kudziyeza lokha popanda kudikira alendo a galimoto. Zida zake n'zochepa: kope lachikuto cholimba, pensulo (inki imafufutika kope likanyowa), chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse, ndi foni yojambula ngati ilipo.

Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, lembani pa tsamba loyamba chimene mukufuna ku mitengoyo. Ngati ndi nkhuni ndi milimo, keshya ndi mtangatanga zimakula msanga ndipo zimaphukanso zikadulidwa. Ngati ndi chonde m'munda, gliricidia amathandiza m'zaka zochepa, pamene msangu umafuna mtima wodekha. Ubwino wa msangu n'kuti umayoyola masamba m'dzinja, choncho sutchinga dzuwa pa chimanga. Wobzala mbawa adziwe kuti akubzalira ana ake. Gulu losagwirizana pa cholinga limadzakangana pa tsiku lodula.

Pa tsamba lomwelo lembaninso mwini wa mzere uliwonse. Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera. Nkhalango ya tonse imapaliridwa ndi aliyense pakamwa, koma khasu silifikako. Gawani mizere: wakuti ndi wa banja la uje, wakuti ndi wa uje. Malowonso akhale omveka, amfumu atavomereza pamaso pa anthu.

Kalendala yake iyambireni kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna kubzala mu Disembala kapena Januwale mvula itakhazikika, maenje akumbidwe mvula isanagwe, ndipo mbewu zifesedwe m'machubu cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pa nazale yoyandikana ndi madzi. Ngakhale nyengo yobzala imafika mpaka Epulo, mbande yolowa m'nthaka mu Malichi ili ngati mwana woletsedwa kuyamwa asanakhwime, chifukwa mvula imaleka mizu isanazame. Mukabzala motalikana mamita awiri mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mitengo 2,500. Yezani malo ndi chingwe chija kuti mudziwiretu mbande zofunika, ndipo muwonjezere zina zodzapakiza.

Kuwerenga kuchitike katatu: pa tsiku lobzala, mvula ikangosiya cha mu Meyi, ndi kumapeto kwa Okutobala. Kachitatuka ndiko kenikeni, chifukwa pofika apo ziweto zamasulidwa, osaka mbewa atentha tchire, chiswe nacho chadya. Owerenga akhale awiri, ndipo asawerenge mzere wawo womwe. Ngati nkhalango ndi yaikulu, werengani mzere wachisanu uliwonse, koma mizereyo isankhidwe musanafike pamalopo. Maso a munthu amathamangira pobiriwira. Tiyerekeze kuti munabzala 200 ndipo mwapeza 60 yamoyo: ndiye kuti pa 100 iliyonse yapulumuka 30. Lembani 30 yomweyo, ngakhale ikuchititsa manyazi. Wa foni aime pa malo amodzimodzi nthawi zonse, monga pachulu kapena pamwala, kuti zithunzi zidzathe kufananizidwa.

Nambala yokha sikuuzani chochita. Pambali pake jambulani mizere ya zifukwa: mbuzi, moto, chiswe, kuuma, kuzulidwa ndi anthu. Mtengo uliwonse wakufa ulandire kachizindikiro kake. Zizindikiro zambiri zikagwera pa mbuzi, kufesa mbande zina n'kungodyetsa mbuzi zomwezo; chofunika ndi kutchinga ndi minga komanso kukambirana ndi amfumu za ziweto. Zikagwera pa moto, lambulani mozungulira nkhalango mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse. Zikagwera pa kuuma, funsani kope kuti munabzala mwezi uti. Nthawi zambiri yankho limakhala pomwepo.

Musaiwale zitsa. M'minda yambiri muli zitsa zamoyo zimene timasadza mphukira zake chaka ndi chaka posintha mizere. Mukasiya mphukira zamphamvu ziwiri kapena zitatu n'kuchotsa zinazo, mtengo umabwerera msanga poti mizu yake ndi yakalekale, ndipo chilimwe suchiopa. Njira imeneyi inafala kwambiri ku Niger kuyambira m'zaka za m'ma 1980, komwe Tony Rinaudo anailimbikitsa ataona mbande zobzala zikungofa. Zitsa zosamalidwa zikhale ndi tsamba lawo m'kope. Pakatha zaka ziwiri, masamba awiriwo, la mbande ndi la zitsa, adzakuuzani kumene thukuta lanu likubala.

Poti nkhuni zophikira nazo zimatha mitengo, kukhitchini nako kuyezedwe. Kwa milungu iwiri werengani mitolo ya nkhuni imene ikutha pophika pa mafuwa, kenaka milungu ina iwiri pa chitetezo mbaula. Mitolo imasiyana kukula, choncho muzimanga ndi chingwe chimodzi. Wolemba akhale amene amaphikayo.

Za maphunziro, yambani ndi omwe muli nawo pafupi: alangizi a zaulimi, alangizi a zankhalango, ndi komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, imene lamulo la nkhalango la 1997 limaivomereza. Apempheni abwere ku nazale kwenikweniko kuti aonetse ndi manja kusakaniza dothi, mchenga ndi manyowa, kudula mizu yotuluka pansi pa chubu, ndi kukhwimitsa mbande pochepetsa madzi milungu yomaliza. Bungwe likaitana gulu lanu ku maphunziro, tumizani anthu awiri amene amagwiradi ntchitoyo, mayi ndi bambo, osati wapampando yekha chifukwa choti kuli malawansi. Apite ndi kope lija ndipo afunse za mavuto olembedwamo. Akabwerako, aphunzitse anzawo mlungu womwewo.

Bungwe likabwera ndi mafomu ake, dzazani, koma kope lanu lisachoke m'mudzi. Pulojekiti imatha pakapita zaka zingapo, mafomu n'kupita nawo kutauni. Posintha komiti, mlembi wakale apereke kopelo kwa watsopano pamsonkhano, ndipo nambala za Okutobala watha ziwerengedwe mokweza anthu onse akumva.