Makalata a aphunzitsi a pa TP: phokoso, chikoti ndi mwana wogona

Makalata ambiri amene adafika ku pulogalamu ya zamaphunziro pawailesi sabata ina adachokera kwa aphunzitsi ophunzira ntchito, aja amatumizidwa ndi makoleji monga a Kasungu, Machinga, Karonga ndi St Joseph's ku Bembeke kuti akayesere kugwira choko m'sukulu za pulayimale, zimene amazitcha TP. Woyankha adali mayi wina amene adaphunzitsa ana zaka zambiri asanapite kukasula aphunzitsi ku koleji ya aphunzitsi (TTC).

Yoyamba idachokera ku Ntcheu. Mtsikana wophunzitsa Sitandade 2 adalemba kuti ali ndi ana oposa 100, ndipo akangotembenuka kuti alembe pabolodi, kumbuyo kumabuka chipwirikiti: uyu walandidwa pensulo, uyo akulira, atatu akufuna kupita panja nthawi imodzi. Ikamakwana 10 koloko mawu amakhala atasasa.

Mayiwo adayamba ndi kumulimbitsa mtima kuti vutoli walipeza, silidabwere ndi iye. Boma litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizidakwanebe mpaka lero. Unduna umafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma makalasi am'munsi ambiri amapyola pamenepo.

"Mwanangu, siyani kukuwa," adatero. "Mukakuwa, ana amayesa mpikisano, ndipo iwo alipo 100, inu muli nokha."

Apa adafatsapo. Adati sabata yoyamba mphunzitsi agwirizane ndi ana chizindikiro chimodzi, kaya kuwomba m'manja katatu kapena kanyimbo kakafupi koti iwo avomere, ndipo asayambe kulankhula onse asanati zii. Zolemba pabolodi azilemberatu ana asanalowe kuti asamawafulatire. Awagawe m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wogawa mabuku, ndipo mwana wosakhazikika uja ndiye woyenera kupatsidwa ntchitoyo. Asamaime pabolodi pokha. Aziyenda pakati pawo, chifukwa kuima chete pafupi ndi mwana wosokosa kumamuletsa msanga kuposa kumuzazira uli kutali. Koposa zonse aloweze mayina. Kwa mayiwa, phokoso lambiri la m'makalasi aang'ono si mwano ayi: mwana wa zaka 7 sangakhale pansi mphindi 30 akungomvetsera, ndiye phunziro lizisinthasintha, pena kuyimba, pena kuwerenga, pena kulemba.

Kalata yachiwiri idali yolemera. Mnyamata wophunzitsa Sitandade 7 ku Mulanje adadandaula za anyamata awiri obwereza kalasi, amsinkhu pafupifupi wake, amene amamuseka ndi kukana ntchito. Anzake ena pasukulupo amuuza kuti athyole kamtengo, mwano utha lomwelo.

Mayiwo adakana kwamtuwagalu. Adakumbutsa kuti Unduna wa Zamaphunziro udaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza ulemu wa munthu aliyense, mwana yemwe. Wophunzira ntchito akamenya mwana amaika pachiswe maphunziro ake omwe. Adatsutsanso zilango zozolowereka zija, zokumbitsa dzenje la zinyalala kapena kutchetchetsa udzu anzake akuphunzira, ponena kuti mwana amene walephera kale masamu ndiye akumutulutsanso m'phunziro la masamu. Pamenepa mayiwa adalasa, pakuti ambiri mwa anyamata oterewa amachita matama pobisa manyazi oti kuwerenga kukuwavuta.

Malangizo awo adali oti awaitane payekhapayekha pa nthawi yopuma, pamalo poonekera, awauze chimene alakwa ndi chimene chitsatire akabwereza, ndipo zikachitikadi achite zomwe adanenazo. Kuopseza lero n'kuiwala mawa ndiko kumachotsa ulemu. Zikakanika, nkhani ipite kwa mphunzitsi womuyang'anira, kenako kwa ahedi, ndipo iwowo ndiwo aitane makolo.

Wina wa ku Salima adangofunsa mwachidule: mwana wochedwa tsiku ndi tsiku, wogona m'kalasi, alangidwe bwanji?

Yankho lidali funso lina: kodi wadya? Mayiwo adati n'chifukwa chake bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka phala m'sukulu za m'dziko muno mu 2002. Mwina mwanayo amayamba watunga madzi kapena amachokera kutali. Mphunzitsi afunse kaye, ndipo akapeza kuti vuto lili kunyumba, adziwitse ahedi kuti amayi a Mother Group akacheze ndi makolo.

Nthawi itatsala pang'ono, woulutsa adafunsa ngati pali mawu kwa aphunzitsi okhazikika. Mayiwo adati akudziwa kuti m'sukulu zina wophunzira ntchito akangofika amamusiyira kalasi yonse, mwini wake n'kukakhala pansi pa mtengo. Adapempha ahedi ndi alangizi a m'mazoni kuti aonetsetse kuti mphunzitsi woyang'anira akukhala m'kalasimo, akuona chikonzekero cha phunziro lisanayambe, ndipo akukambirana naye wophunzirayo ana akaweruka.